Keturah ndi Chitseko Chachitsulo

Keturah anali atatopa ndi anthu. Chibwerereni ku Leicester ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ku Oadby: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza, ndipo chimene anapindula nacho chinali msana wowawa osalekeza. Masana ena mu 2006, ataweruka, analowa pachipata chakale cha miyala pakati pa tawuni kuti adulire njira yokakwera basi ya ku Braunstone. Atatulukira mbali inayo, phula kunalibe. Kunali matope, ndowe za akavalo, ndi amuna ovala zitsulo mpaka kumutu.

Akanakhala wina akanakuwa. Keturah anangotsonya. "Ndiye izinso ndi ziti? Basi indisiyatu ine."

Kumbuyo kwake chitseko chachitsulo chinatsika n'kutseka chipatacho. Anali m'bwalo la linga lamakedzana, ndipo pakati pa bwalolo anthu anali atazungulira mayi wokalamba amene anagwa pa kavalo n'kumabuula m'matope. Mayiyo anali mwini lingalo, ndipo lamulo la kumeneko linkaletsa munthu wamba kumukhudza. Choncho onse ankangomuyang'ana ngati akuonera mpira.

Keturah analumbira mumtima kuti sizikumukhudza, iye waweruka. Koma kubuulako kunamulowa m'makutu, ndipo asanaganize bwino anapezeka atagwada. Anatikita zikhatho kuti zifunde, monga ankachitira asanagwire nkhalamba iliyonse m'dziko lozizirali. Zikhathozo zinayaka ngati makala. Atagwira chiuno cha mayiyo, fupa linabwerera m'malo mwake, mayiyo n'kuimirira yekha. Nayenso Keturah anadzuka osagwira pabondo. Msana unali zii.

Misozi inalengeza m'maso mwake. Anali ataiwala kuti munthu amatha kuimirira osamva kuwawa.

Chingerezi cha mayiyo chinali chokhotakhota, koma munthu wozolowera kumva nkhalamba zopanda mano savutika nacho. "Mphamvu imeneyo ndi ya miyala ya linga lino," anatero mayiyo. "Imadzuka mwa munthu mmodzi pakapita mibadwo. Ukhala nafe. Tikupatsa chipinda m'nsanja iyo, uzichiritsa ine ndi asilikali anga."

"Nanga ndikafuna kutuluka?"

"Wochiritsa satuluka. Ukangodutsa pachipatapo moto uzima, ululu wako ubwerera."

Keturah anayang'ana nsanjayo, ndipo tisaname, anaisirira. Kugona osabuula, kuwerama osakukuta mano! Kenako anaona chitseko cha pansi pa nsanjayo, kuti mpiringidzo wake unali wakunja. Anazindikira kuti azimutsekera m'menemo ngati mkaidi.

"Mayi, ngakhale dzina langa simunandifunse," anatero. "Kulikonse kumene ndapita anthu amangoona manja. Achibale ku Mzimba manja, abwana ku ntchito manja, lero inunso manja. Ndakudzutsani chifukwa munagwa, basi. Sindinabwere kudzafunsira ntchito ine."

Mayiyo anakodola asilikali kuti amugwire, koma Keturah anali atafika kale pa chitseko chachitsulo chija, chimene amuna ambirimbiri ankachikweza ndi unyolo. Anatikitanso zikhatho. Anapinda mawondo, msana chilili monga anamuphunzitsira kuntchito pa kosi ya kanyamulidwe ka odwala, n'kuchinyamula yekha. Chitsulo chinalira, asilikali n'kubwerera chambuyo, wina mpaka anataya mkondo. Amuna onsewo ndi zitsulo zawozo, palibe anayerekeza kumuyandikira.

"Udzalira!" anakuwa mayiyo.

"Ndikalirira kwanga, pabedi panga, chitseko nditakhoma ndekha!"

Anadutsa pachipatapo n'kupondanso phula. Ululu unamubaya pomwepo, woposa kale, moti anagwira khoma n'kumapuma mwabefu pakati pa anthu onyamula majumbo a kumsika. Manja anali atazizira, ndipo ankadziwa kuti sadzayakanso. Zinamupweteka, koma sanacheuke.

Mayi wina wovala hijabu anaika majumbo ake pansi n'kumufunsa ngati angamuthandize. Keturah anatsala pang'ono kukana, poti sankakumbukira tsiku limene munthu anamugwirako iyeyo. Kenako anapereka mkono, n'kulola kuti mayiyo amutsamiritse mpaka pa benchi.