Kanyenya wa kwa Amida

Kuchipatala anawauza a Yasini mosapsatira: zilonda zam'mimba sizifuna tsabola, mafuta kapena nyama yopserera. Mwanamvua, mkazi wawo wamkulu, anamva ndi makutu ake, ndipo kuyambira pamenepo ankawaphikira chambo chowiritsa ndi phala basi.

Koma a Yasini anali pamitala. Akagona ku Nkopola kwa Amida, mkazi wamng'ono wootcha kanyenya wambuzi pamsewu, ankabwerako akumwetulira, milomo ili noninoni. Dzuwa likangopendeka, m'mimba muja mwayamba kupota, bambo wamkulu n'kumagubuduzika pamkeka. Nthawi zonse kunyumba kwa Mwanamvua!

Mlongo wawo, a Hidaya, anabwera atalusa. "Achimwene akakhala kwa Amida amakhala bwinobwino. Akangolowa muno, imfa. Mumawathirira chiyani inuyo?"

"Ine? Afunseni zimene amadya kumeneko!"

"Nyama yootcha ilibe vuto, mafuta amatsikira pamakala," anatero a Yasini uku akubuula. "Ndiponso ndimangolawa."

Kulawa! Amene ankachapa mikanjo yawo ndi Mwanamvua. Madontho a tsabola wakambuzi ankawaona, timitengo tobayira nyama ankatipeza m'thumba. Mtima unamuwawa koopsa. A Hidaya ananenetsa kuti zikachitikanso nkhani ipita kwa ankhoswe, banja lithere pomwepo, ndipo mudzi wonse udziwe kuti muno muli mfiti.

Tsiku lake lina litakwana, Mwanamvua anadikirira pakhomo. Kabaza wonyamula amuna ake atangoima, fungo la utsi ndi anyezi linamupeza, a Yasini asanapereke n'komwe salamu.

"Musatsike," anatero. "Tsiku langa ndamupatsa Amida. Akabaza, abwezeni kumene mwawatenga."

Mkazi kupereka tsiku lake kwa mkazi mnzake? Oyandikana nawo anagwira pakamwa. Amida anakondwa zedi, mpaka anawaotchera amuna ake kanyenya wapadera, tsabola wosaumira.

M'mawa mwake foni inalira. Anali a Hidaya. A Yasini anali atasanza magazi kwa Amida, ndipo anali atagonekedwa kuchipatala.

"Alamu, chonde, bwerani ndi phala lija."

Dzina la Mwanamvua linali litayera, inde, koma wobweza kabaza uja anali iyeyo, akudziwa bwino zimene zinali pamakala.

"Phala ndibweretsa," anayankha. "Koma muyambe mwamufunsa Amida kuti wawathirira chiyani."

Anadula foni. Kenako anayatsa mbaula, n'kutereka mphika wa phala.