Magalamu Zana Amene Kompyuta Inakana

Namwino wamkulu analembanso nambala ya kulemera kwa mwana kachitatu, koma kompyuta inakanabe. Pagalasi panatuluka zilembo zofiira: "Kulemeraku kwapitirira malire." Popanda nambalayo, chikalata chotulutsira mwana m'chipatala sichikanatuluka. Mayi wa mwanayo n'kuti atalongedza kale, atatopa ndi milungu isanu ndi iwiri ya m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane.

Namwinoyo anasuzumira pakhonde n'kukodola bambo wa mwanayo, amene onse ankamutchula kuti Mabatani. Iyeyu ndiye anakonza pulogalamu ya m'kompyutayo zaka ziwiri m'mbuyomo, za ukwati asanaziganize n'komwe. Nthawi imeneyo anauzidwa kuti tiana ta m'chipindamo timasamutsidwa tisanakwane makilogalamu awiri. Poopa kuti wina angalembe 20 m'malo mwa 2, anakhomerera malire pa awiri, osaganiza kuti tsiku lina mwana adzakhalitsa. Wokhalitsayo anali wake yemwe, chifukwa cha kachifuwa.

"A Mabatani, mwana wanu wayamwa mpaka waphwanya lamulo la bambo ake," anatero namwino.

Mabatani anayang'ana sikelo: makilogalamu awiri ndi magalamu zana. Kamwana kamene kanabadwa kokwana m'dzanja limodzi! Anafuna kuchita manyazi, koma chimwemwe chinafika msanga, ndipo anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Namwino anati Mabatani asavutike, iye angolemba makilogalamu awiri okhaokha, zanalo palibe angalifunse. Apa m'pamene mayi wa mwana anakhazika chikwama pansi.

"Ayi, amayi. Magalamu amenewo ndawavutikira ndine. Alembedwe onse, olo tichoke madzulo."

Panalibe wotsutsa. Mabatani anakhala pa benchi, laputopu pamiyendo, namwino akumuwerengera tchati cha kakulidwe ka ana. Anachotsa nambala yokhomerera ija n'kukonza zoti malire azisuntha malinga ndi masiku a mwana: wa sabata imodzi malire ake, wa miyezi iwiri akenso. Anayesa 20, kompyuta inakana bwinobwino. Mkazi wake ankangomuponyera mawu akuti zoti ana amakula ndi nkhuku yomwe imazidziwa.

Namwino asanalembenso, Mabatani anamupempha kuti adikire. Pagalasi la namwinoyo zilembo zofiira zija zinali zikadalipo, ndipo Mabatani anazijambula pafoni. Anati chibadwire cha mwanayo sanawerengepo mawu okoma ngati amenewo.

Kenako namwino anatsegulanso pulogalamuyo, analemba 2.1, ndipo makina osindikizira anayamba kulira.