Fumbi pa Bokosi la a Clarrie

Ku Coolabri munthu sapita kumanda m'fumbi. Msewu wochokera kutchalitchi kukafika kumanda ndi wadothi lofiira, ndipo kuyambira kalekale, m'mawa wa tsiku la maliro, lole ya madzi ya khonsolo inkayamba yauthira, kuti womwalirayo ayende ulendo wake womaliza mwaulemu. Palibe lamulo limene linkanena zimenezi. Unali mwambo chabe. Amene anayendetsa loleyo theka la moyo wawo anali a Clarrie Dunstan, ndipo tsopano ogona m'bokosi anali iwowo.

Koma khonsolo ya Coolabri inali itatha. Boma linaiphatikiza ndi makhonsolo oyandikana nayo n'kupanga khonsolo imodzi ya chigawo, likulu lake ku Marlowe, ulendo wa m'mawa wonse pa galimoto. Lole ya madzi inasamukira komweko, pamodzi ndi makina opalira misewu ndi mipando ya m'holo. Anthu anauzidwa kuti mphamvu zachoka kwa akuluakulu a boma, zabwera pafupi ndi iwo. Mayi Merle Dunstan, akazi a malemuwo, ankati mphamvuzo zinatsikira panjira.

Anapita okha kwa Kelvin Prowse, khansala woimira Coolabri m'khonsolo yatsopanoyo. Anamudziwa akadali kamwana ka mamina, ndipo maliro a bambo ake anadutsa pamsewu wothiridwa ndi a Clarrie. Anamupeza akuyang'anira opaka utoto pa ofesi yakale ya khonsolo, imene tsopano inkatchedwa ofesi yothandizira anthu.

"Pepani ndi zovutazi, Mayi Dunstan," anatero Kelvin. "A Clarrie anali munthu."

"Mapepani ndalandira ambiri, Kelvin, ndasowa powaika. Ndikufuna madzi pamsewu wa kumanda Lachisanu m'mawa."

"Zing'onozing'ono zimenezo, mayi! Loleyo ikubwera Lachisanu lomwelo, ameya akudzatsegulira ofesiyi. Masiku ano zoterezi timalamula tokha konkuno."

"Ukulamula iweyo?"

"Ineyo, mayi. Musade nkhawa."

Lachisanu loleyo inabweradi. Mayi Dunstan anaiona ali pakhonde la tchalitchi, ndipo anaizindikira ndi kulira kwa injini, pakuti inali itapakidwa utoto woyera ndi chizindikiro chachilendo pachitseko. Inathira bwalo la kutsogolo kwa ofesi. Inathira kapinga amene anamuyala dzulo lake. Inathiranso pamene galimoto ya ameya inkayenera kuima. Kenaka inazima.

Mwana wawo Glenys anawoloka msewu kukafunsa, n'kubwerako nkhope ili gwa.

"Amayi, dalaivala ndi wa ku Marlowe. Akuti za kumanda palibe wamuuza, ndipo sangasunthe popanda chilolezo cha kwawoko. Kelvin akuti tidikire kaye ameya adule riboni, ayimba lamya."

"Bambo ako adikire riboni?" anatero mayiwo. "Uza amunawo anyamule."

Bokosi analiika kumbuyo kwa pikapu ya a Clarrie, yopanda denga, monga eni ake anafunira. Popeza msewu unali wouma, onse anagwirizana popanda wolankhula kuti ayende pang'onopang'ono. Magalimoto anakwawa ngati nkhosa zotopa, ndipo fumbi silinapitirire m'mawilo. Mayi Dunstan anayang'ana thabwa lonyezimira la bokosilo ndi maluwa oyera pamwamba pake, mtima n'kuyamba kutsika. Anaganiza kuti mwina amuna awo afikabe ali aukhondo.

Atayandikira mitengo ya bulugamu ya pachipata cha manda, kumbuyo kunamveka hutala.

Ku Coolabri maliro sapitiriridwa. Ngakhale chidakwa chochokera kumowa chimapatuka, kuzimitsa injini ndi kuvula chipewa. Koma galimoto yoyera ya khonsolo inadutsa mdipiti wonsewo mwaliwiro, chifukwa Kelvin anachedwa ndi kujambulitsa zithunzi pa mwambo wa riboni uja, ndipo ankafuna kukafika poyamba kuti akalankhule m'malo mwa chigawo. Chimtambo chofiira chinadzuka, chinaphimba pikapu, chinalowa m'mawindo, chinatera pa zovala zakuda ndi m'tsitsi la aliyense.

Kumanda abusa analephera kuyamba pemphero chifukwa cha chifuwa. Maluwa aja anali atasanduka a mtundu wa njerwa, ndipo dzina la a Clarrie pa kachitsulo ka pabokosi silinkaoneka. Mayi Dunstan anamva mchenga ukulira m'mano. Kelvin yekha ndiye anaima ali woyera mbee, malaya atsopano okhala ndi chizindikiro chija, nkhata ya maluwa ili m'manja.

A Des Cullinane, nkhalamba yometa nkhosa, analavula pansi.

"Zikomo a Khansala," anatero mokweza. "Mphamvu zija zafikadi pafupi. Tazilawa ndi m'kamwa momwe!"

Palibe amene anaseka. Kelvin anasendera kwa wamasiyeyo, mawu ali pansipansi.

"Mayi, panali kusamvana pang'ono. Nkhani ya msewuyi ndikaitula ku komiti ya chigawo, ndikulonjeza."

Mayi Dunstan anapita pabokosi, anachotsa maluwa, n'kuyamba kupukuta chivundikiro ndi zikhatho zonse ziwiri, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, mosafulumira, kufikira dzina la amuna awo linaonekanso. Kenaka anabwerera kwa Kelvin, anaika manjawo pachifuwa pake, n'kuwapukutira pa malaya oyerawo, kuseri ndi kuno, ngati pa kansalu ka kukhitchini.

"Mukatule zimenezo, bwana Khansala," anatero. "Akaone okha."

Anatembenukira kwa onyamula maliro. "Tsitsani."

Zingwe zikutsika, kutali kunamveka injini imene ankaidziwa bwino. Lole ya madzi inali kubwerera ku Marlowe, ndipo pofuna kuti ipepuke panjira, dalaivala anatsegula mpopi. Madzi otsalawo anakhuthukira pa phula la msewu waukulu.