Chala cha a Hangai

Uthenga unafika anthu akadali kumatana tepi m'mikono: chingwe chafika, lero chilumikizidwa ku mapampu. Holo yonse inangoti wowowo. Amuna amene anagona pasimenti masiku asanu ndi limodzi, akudya mabisiketi ndi nsomba zam'chitini, anayamba kumenyana pamapewa, ena mpaka kuvina ali m'maovolosi awo oyera.

Chichitikireni chivomezi chija, nyanja n'kulumpha mpanda n'kumiza makina, fakitale yopanga magetsi a nyukiliya inalibe magetsi oyatsira ngakhale babu limodzi. Zomvetsa manyazi ndithu. Popanda magetsi mapampu sakanathira madzi m'ng'anjo, ndipo ng'anjo youma inkangotentherabe, ikulavula cheza chija chosaoneka, chosanunkha, chimene chimadya munthu m'kati iye akuyenda bwinobwino.

A Tsutomu Hangai mtima unali dyokodyoko kuposa onse. Anali ndi zaka 58, ndipo 35 mwa izo anathera pa ntchito imodzi, yolumikiza zingwe zikuluzikulu za magetsi. Ankati mfundo yawo siinathethekepo ndi kamodzi komwe, ndipo ankanena zimenezi ngakhale munthu asanawafunse. Mfundo yomaliza, ya m'chipinda chapansi pa fakitale, inapatsidwa kwa iwo.

"Alamu, lero ndi lero," anatero Noboru Igari, mlongo wamng'ono wa akazi awo, amene ankagwira nawo ntchito. "Mukangomanga akuonetsani pakanema. Koma masiki musavule, anthu angathawe."

"Iwe usayambe za nkhope. Khanda lako lija linalira litangokuona."

"Linalira chifukwa munalinyamula inu."

Anakankhana mpaka patebulo la mayi Kowata, amene ankalemba m'kabuku ka munthu aliyense kuchuluka kwa cheza chimene thupi lake lamwa. Malire anali mapointi 100. Ukafika pamenepo, kwako kwatha. Mafunde anali atakokolola timamita tambiri toyezera cheza, moti kamodzi kankatumikira gulu lonse. Wamkulu wa gulu, monga a Hangai, ankakaika m'thumba la pachifuwa, ndipo chimene kawerenga n'chimene onse ankalemberedwa.

"Bambo Hangai, muli pa 94," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Ndakatchera pa zisanu. Kakalira, mutuluke."

"Mayi, mfundo imeneyi imafuna mphindi 40. Pansi paja zisanu zimatha pa 25."

"Ndiye atsiriza a Monma ndi gulu lawo," anatero mayiwo, akunena wolumikiza zingwe wina.

"Monma? Monma amamanga chingwe ngati akumanga thumba la mpunga."

"Mukabwera ndi 99 ndikusungani muno, muzikonza zida. Zikakwana 100, basi yamadzulo ndi yanu, ndipo pano simudzapondanso. Mwamva, bambo?"

Anamva. Koma kumva kwa a Hangai tinkakudziwa tonse.

Anayendetsa okha kagalimoto, akuzemba zitsulo zopindika ndi maboti amene nyanja inawasiya pakati pa msewu. Igari ankaimba kanyimbo m'masiki, mawu akutuluka ngati ali m'ndowa. A Hangai sanaimbe, mutu unali pa masamu. Anaimika kuseri kwa chipupa chokhuthala, kumene cheza sichinkafika kwambiri. Igari atatsika kukatsitsa zida, iwo anawerama ngati akufuna sipanala, anasolola kamita m'thumba n'kukalowetsa pansi pa mpando.

Sanadzione ngati munthu woipa, ayi. Ankati malo aja akuwadziwa ngati khitchini yawo. Mphindi 40 zokha, mfundo yolimba, madzi m'ng'anjo, dziko lipume. Pobwerera akatola kamita kali ndi ziwiri kapena zitatu, mayi Kowata akadinda, nkhani yatha. Ataganiza choncho mtima unapepuka, anayamba kuyenda mothamanga mpaka Igari anadandaula kuti nkhalamba imeneyi yadya chiyani.

Anadutsa bwalo lodzaza zidutswa za denga limene linaphulika tsiku lachitatu, n'kufika pachitseko chachitsulo. Apa onse awiri anatula katundu n'kuima njo, mapazi pamodzi.

Kwathu kuno munthu salowa pantchito asanaloze. Woyendetsa sitima amaloza, wa m'fakitale amaloza, ngakhale ali yekhayekha. Chala chimapita pa chinthucho, diso limatsatira chala, ndiye pakamwa pamatsimikiza kuti chilipo ndipo chili bwino, ndi liwu limodzi loti yoshi. Alendo amaseka, ife sitiseka. Igari atangoyamba ntchito, a Hangai anamuwomba pachipewa chifukwa chonena yoshi akuyang'ana kumbali, ndipo anakhala sabata osamuyankhula.

Igari anayamba, anamaliza bwinobwino. Kenako a Hangai anatukula chala.

"Chipewa, yoshi. Masiki, yoshi. Magolovesi, yoshi. Tepi, yoshi. Kamita..."

Chala chinafika pachifuwa, diso linatsatira, ndipo thumba linali phwa. Pakamwa panangoti yasa. Anatsokomola, anayambiranso pamwamba mofulumira kuti mwina liwiro liwadutsitsa.

"Chipewa, yoshi. Masiki, yoshi. Magolovesi, tepi, yoshi. Kamita..."

Anaimanso pomwe paja. Chala chinangoloza thumba lopanda kanthu.

"Mwaiwala mawu ake, alamu?" Igari anaseka. "Amayamba ndi yo. Ukalamba uwu." Kenako maso ake anatsikira pamene chala chinaloza, ndipo kuseka kunathera panjira. "Kali kuti?"

"Kali pabwino."

"Pabwino pati?"

"Pansi pa mpando. Tamvera, Noboru, mphindi 40 zokha. Malo aja ndikuwadziwa."

"Munawadziwa dzulo. Za lero wakuuzani ndani? Ndiye ine ndimalowa umu opanda maso, ndikuyesa kuti alamu anga andinyamulira?"

"Monma akaiwononga mfundo imeneyi. Ikathetheka, masiku asanu ndi limodzi apita m'madzi."

Igari anawerama n'kunyamula bokosi la zida.

"Chabwino. Nenani yoshi, tilowe."

"Wati chiyani?"

"Nenani. Zaka zonsezi inu mukanena yoshi ine sindinayang'anepo kawiri. Lozani, munene, ine ndilowa patsogolo."

A Hangai anayang'ana chala chawo ngati n'cha munthu wina. Pamoyo wawo ananamapo zambiri. Ananamiza akazi awo za mowa, ananamiza dokotala za fodya, ndipo mayi Kowata akanawanamiza m'maso muli gwa. Koma liwu limodzi limeneli anali asanalinenepo pa chinthu chimene palibe, ndipo lilime linakaniratu kuphunzira lero. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha.

"Dikira m'kati mwa chitsekomu," anatero. "Usaime panja."

Anathamanga. Munthu wa zaka 58, ovolosi itafufuma ndi mphepo, majombo akuti phwaphwaphwa, galasi la masiki litachita nthunzi. Anapunthwa pa chitsulo, anadzuka, anatukwana chitsulocho ndi makolo ake omwe. Pobwerera kamita kanali m'thumba, thukuta lili kamukamu mpaka m'masokosi. Anaima njo, analoza pachifuwa.

"Kamita, yoshi!"

"Yoshi," Igari anayankha. "Ndipo ndikawauza achemwali kuti mumatha kuthamanga. Kunyumba mumanamizira bondo."

Anatsika masitepe mumdima, tochi ili m'manja mwa Igari. Pansi panali fungo la nyanja ndi matope, ndipo chingwe chinali chigonere pamene okoka zingwe anachisiya, chonenepa ngati ntchafu, mitsempha yake itatu yamkuwa ikudikira. A Hangai anagwada, ndipo manja anayamba okha. Kusenda, kupukuta, kulowetsa, kufinya. Magolovesi atatu pa dzanja limodzi, koma zala zinkayenda ngati zili zamaliseche.

"Mpeni. Nsalu. Wunikira apa, osati kumapazi kwanga."

"Ndikuona ngati simunavule nsapato pakhomo, mwa chizolowezi."

"Tseka pakamwa, gwira apa."

Mtsempha woyamba unatha pa mphindi khumi. Chiyambireni ntchito anali asanafulumirepo chotero, ndipo anamva kukoma kumene amamva munthu zinthu zikamamumvera. Wachiwiri unatha pa mphindi 21. Igari anayamba kuwerenga mokweza, mawu akunjenjemera ndi chimwemwe.

"Awiri, alamu, awiri. Mwina tikwanitsa."

Anasenda wachitatu. Anali atangoyamba kupukuta pamene kamita kanalira pachifuwa, kulira kosalekeza, kobaya m'makutu.

Manja sanaime nthawi yomweyo. Anapukutabe kamodzi, kawiri. Mphindi zisanu ndi zitatu zokha zikanakwana. Igari anangogwira tochi pomwepo, akuwayang'ana.

A Hangai anatula nsalu. Anang'amba tepi yoyera, anaimata pachipupa, n'kulemba ndi cholembera chakuda zilembo zikuluzikulu: "Monma, wachitatu ndasenda. Pukutanso kawiri, muli mchere. Usafinye kamodzi, yamba pakati upite kunja." Chinsinsi chimenechi anali asanauzepo munthu, ngakhale Igari anachita kuchiba ndi maso.

"Tiye," anatero.

Kuholo anawavula, anawayeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuwasiya ndi zovala zam'kati. Gulu la a Monma linali litanyamuka kale. Panalibe chochita koma kudikira pafupi ndi wailesi ya mauthenga, anthu oposa zana atathithikana, osatafuna ngakhale bisiketi. A Hangai ankangozungulira. Ankati pano akupukuta, pano wafinya molakwika, ndikumudziwa ine ameneyo.

Patatha ola ndi theka wailesi inakhosomola. Mawu a munthu wopuma movutika anati mfundo yatha, magetsi alowa, pampu yoyamba ikuzungulira, madzi akukwera.

Zimene zinachitika m'holomo sizisimbika. Akuluakulu a maudindo anakumbatirana ndi okoka zingwe, wina anagwada n'kumalira ngati mwana, wina anaponya chipewa chinakagunda denga. Igari anawanyamula alamu ake m'malere osapempha, iwo akuphiriphitha miyendo, akukuwa kuti mitsempha iwiri mwa itatu ndi yawo, aliyense amve. A Monma atalowa, nkhope ili ndi mizere ya masiki, anawerama pamaso pa a Hangai motsika kuposa masiku onse.

"Munalidi mchere, akulu," anatero. "Ndikanapanda kuwerenga pachipupa, ndikanaphonya."

"Ndinadziwa," anayankha a Hangai, koma mokoma.

Mayi Kowata anawaitana kutebulo, maso ali ofiira, akumwetulira. Anatenga kamita, anawerenga, anatsegula timabuku tiwiri.

"Zisanu ndendende. Bambo Hangai, 99. Mwapulumuka ndi imodzi. Mawa muyambe kukonza zida muno, muone nawo mapampu enawo akudzuka."

Chidindo chinali kale m'mwamba. Igari, ali kumbuyo kwa mayiwo, anapukusa mutu pang'ono, kuwauza alamu ake kuti zisiyeni. Ndipo iwo ankafunadi kuzisiya. Ankafuna kukhala, kugona pasimenti pomwepo, kudya nsomba zam'chitini zomwezo mpaka ng'anjo yomaliza itazizira. Koma maso awo anagwera pa kabuku kachiwiri, ka Igari.

"Mayi, dikirani. Pali mphindi khumi zimene kamita sikanaone."

Chidindo chinatsika pang'onopang'ono mpaka patebulo.

"Ndinakasiya m'galimoto, dala. Tinadutsa bwalo lija popanda kanthu, ine ndinalidutsa kawiri. Mnzangayu sankadziwa."

"Bambo Hangai, mukudziwa kuti bwalo limene lija ndi loipa kuposa pansi?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo mukudziwa chimene ndilembe?"

"Lembani. Kwa iyenso muwonjezere zake."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Sanawakalipire, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anawonjezera pa kabuku ka Igari, kenako anakhwatcha 99 ya a Hangai, analemba nambala yoposa 100 pambali pake, n'kudinda. Kabukuko anawapatsa ndi manja awiri.

Igari anawaperekeza kubasi dzuwa likupendeka, atawanyamulira kachikwama. M'holo anthu anali akuimbabe.

"Ndinu munthu wovuta, alamu," anatero. "Mukanakhala chete akanadziwa ndani? Ine sindikanaulula."

"Tsiku lina ukadzadwala, dokotala adzatsegula kabuku kako, ndipo mwana wako adzakhala ataima pambali. Ndimafuna adzapezemo zoona."

Igari anangowapatsira chikwamacho pawindo.

Basi inanyamuka. A Hangai anakhala mpando wakumbuyo, kabuku kali pamwendo, akuyang'ana mipanda ya fakitale imene analowa ali mnyamata ndipo sadzalowanso. Zinawawawa kwambiri. Analira pang'ono, mosabisa, ndipo basi isanafike pamsewu waukulu tulo tinali titawatenga.