Shiti ya pa Nsonga ya Halasay

"Amayi, lowani m'kati, muzizidwa!" ndinakuwa, koma mphepo inalanda mawu anga.

Sitima inali itachoka kale padoko la Halasay, injini ikunjenjemeretsa zitsulo pansi pa mapazi athu. Amayi anga, a Dolina, anali atakakamira chitsulo cha m'mphepete ndi manja onse awiri, ndodo yawo atamugwiritsa mwana wanga Effie. Nkhungu inali itakuta chilichonse. Chilumba chinangotsala fungo lokha, utsi wa dothi lakuda lija amasonkha pamoto ndi ndere zowola za m'nyanja.

"Ndisiye iwe, Rhona," anatero osacheuka. "Nsonga sitinaidutse."

Ndinkadziwa chimene ankadikira, ndipo ndinkadziwanso kuti kulibe.

Pa nsonga ya chilumbacho pali nyumba yoyera ya denga lofiira, mmene amayi anabadwira. Ndili mwana, tchuthi chilichonse cha chilimwe tinkachoka ku Glasgow n'kupita kumeneko kwa Anti Peigi, akulu awo a amayi. Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto a munthu wodwala malungo: dzuwa lokana kulowa, mchenga woyera m'mabulangete, ng'ombe zaubweya zitaima m'madzi mpaka m'maondo osachita kalikonse. Kukhitchini amayi ndi akulu awowo ankalankhula Chigeliki, chilankhulo chimene ku Glasgow amayi ankachitsekera m'kamwa ngati chamanyazi. Ine ndinkagona ndikuchimva chikudutsa pansi pa chitseko.

Tsiku lochoka, Anti Peigi sankabwera kudoko. Ankatipsompsona pakhomo, n'kutithamangitsa ngati nkhuku. Koma sitima ikamadutsa pa nsonga, ankatuluka ndi shiti yoyera ya pabedi n'kuikupiza m'mwamba ndi mphamvu zawo zonse mpaka titasowa. Ndi mmene anthu a ku Halasay ankatsanzikira awo. Amayi ankati, "Mlendo amangochoka. Wakwathu amamukupizira shiti, kuti adziwe kuti bedi lake lichapidwa n'kumudikira."

Anti Peigi anamwalira kalekale. Nyumba inagulidwa ndi anthu osadziwika, amene amaibwereketsa kwa obwera kutchuthi, makiyi ake amakhala m'kabokosi ka manambala pakhoma. Ndipo chaka cha ulendo wathuwu dokotala anali atatiuza, mosazungulira, kuti amayi chilimwe china sadzachiona. Iwo sanalire. Anangoti, "Ndiye ndipititseni kwathu."

Kwathu kwakeko! Sabata yonse tinayenda chilumba chonse, koma palibe ndi mmodzi yemwe anawazindikira. Anzawo onse anali kumanda, pamwamba pa phiri. Lachinayi tinalowa m'sitolo ya padoko, amayi atavala mpango wawo wabwino wa kumutu. Anamuyang'ana mtsikana wogulitsa, n'kumupatsa moni m'Chigeliki, pang'onopang'ono, ngati akutulutsa mbale zosachedwa kusweka m'kabati.

Mtsikanayo anamwetulira bwino ndithu, analibe chipongwe. "Pepani agogo, chimenecho ine sindimva. Mwabwera kudzaona malo? Tengani mapu awa, ndi aulere. Musalephere kupita ku nsonga, n'kokongola kwabasi."

Amayi analandira mapuwo ndi manja awiri n'kuthokoza. Titatuluka anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'thumba la jasi. Tsiku lonse sanam'sekenso n'komwe Effie, amene anakulira ku Leeds, ku England, ndipo amalankhula ngati wowerenga nkhani pawailesi ya ku London. Masiku ena onse ankamuti, "Kamngerezi kanga, tanenanso tione!"

Madzulo ake ndinakwera kumanda, chifukwa pachilumba chonsecho netiweki imagwira bwino pokhapo, pakati pa akufa. Ndinakhala pakhoma la miyala n'kutsegula gulu lathu la pa intaneti. Ndi gulu la makolo, ambiri ndife a ku Scotland obalalika dziko lonse, ndipo sitinaonanepo maso ndi maso. Timayamba ndi nkhani za matewera ndi mano a ana, koma sipatenga nthawi timakhala tikukangana kuti mScotland weniweni ndani, ndani mwana wake wataya kalankhulidwe ka kwathu, ndi chilumba chiti chinali chokoma kale anthu asanachidziwe. Aliyense ali ndi dzina lobisalira. Ine ndine Mwana wa Dolina.

Ndinalemba zonse, za shiti, za mapu, za dokotala. Sindinapemphe kanthu. Ndinangofuna kulira penapake pomwe amayi sangandimve.

Mayankho anabwera ngati mvula. Wotopa wa ku Paisley anati, "Achemwali, mwandiliza ndili pamzere wa basi, anthu akundiyang'ana ngati wamisala." Bambo Wopanda Tulo, amene amakhala ku Canada koma amadziyesa mScotland kuposa tonse, anati, "Kwathu agogo ankawalitsa galasi padzuwa. Shiti ndi za anthu osauka nzeru." Wotopa anamubwezera pomwepo: "Dzuwa lake liti, aphiri? Mwakhalitsa kunja inu, mwaiwala kwanu!" Ndinaseka misozi ili m'masaya.

Kenako analemba Mayi wa Mapasa. Ameneyu timam'seka tsiku ndi tsiku, chifukwa anabadwira kum'mwera kwa England n'kudzakwatiwa ku Dundee, ndipo akayesa kulemba m'kalankhulidwe kathu amaphonya momvetsa chisoni. Sabata imeneyo ankangodandaula kuti ali m'tenti kwinakwake kuzilumba, tiudzudzu tating'ono tija tikumudya wamoyo. Iye anangofunsa kuti, "Mukwera sitima ya tsiku liti?"

"Loweruka m'mawa," ndinayankha. Ndinkayesa akufuna kudziwa ngati muli malo a galimoto. Netiweki inathawa, ndipo ndinatsika phiri dzuwa likadali lendelende pamwamba pa nyanja, osalowa, osakwera.

Ndiye Loweruka lake ndi limeneli, tili panja pa sitima, m'nkhungu.

"Agogo, kulibe chooneka," anatero Effie. "Tiyeni tikamwe tiyi."

"Khala chete, kamngerezi."

Ndinaima kumbuyo kwawo kuti ndiwatchinge mphepo. Ndinkaopa, ndinene zoona. Ndinkaopa nkhope imene adzakhale nayo tikadutsa, nkhope ya munthu wochoka kwawo komaliza ali ndi mapu a alendo m'thumba. Ndinapemphera kuti nkhungu isachoke, kuti adzathe kunena kuti mwina analipo wina, sitinangomuona.

Koma nkhungu ya kuzilumba simva pemphero la munthu. Inayamba kung'ambika pang'onopang'ono. Poyamba panaoneka miyala yakuda, mafunde akuinyambita. Kenako udzu. Kenako denga lofiira, likuyandama lokha m'mwamba ngati lilibe makoma. Pakhomo panalibe munthu, mawindo otseka.

Amayi anapuma mpweya wautali. Dzanja limodzi linasiya chitsulo.

"Amama, taonani!" Effie anakuwa. "Kumusi uko, pamiyala!"

Kutsogolo kwa nyumba, pomwe udzu umathera, panali anthu anayi. Mayi wamfupi wa jasi lachikasu, bambo wamtali, ndi tiana tiwiri tofanana ngati madontho a madzi. Anali atagwira chinsalu, ndipo sichinali choyera ayi. Inali shiti ya ana, yobiriwira, yojambulidwa zinyama zakale zija za makosi aatali. Mphepo inkaikulunga pamutu pa bamboyo, tianato tikukokera uku ndi uku, mayiyo akudumphadumpha ngati waponda moto.

Tianato tinali mapasa. Mayi wa Mapasa! Munthu woti sindinamuonepo, woti ndakhala ndikum'seka chaka chonse kuti si wakwathu.

"Ndani amenewo?" amayi anafunsa.

"Sindikuwadziwa bwino, amayi. Ndi anzanga a pafoni."

Anawayang'anitsitsa, maso atatsinzina pang'ono. Ndinkadikira misozi. Koma ndinaona chibwano chawo chikukwera, mmene chinkachitira ndikabwera kunyumba ndi matope m'madiresi. Anadzaza mpweya m'chifuwa chawo chodwalacho, n'kukuwa pamwamba pa madzi, m'Chigeliki, mawu aakulu amene sindinawamvepo chimwalirire Anti Peigi. Anthu ena pasitimapo anacheuka.

"Akuti chiyani agogo?" Effie anandikoka jasi.

Ndinadabwa kuti ndamva zonse, ine amene ndinkayesa chilankhulocho chinandithawa ndili mwana. "Akuwakalipira," ndinatero, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Akuti, 'Gwirani m'makona, zitsiru inu! Shiti sagwira pakati! Anakulerani ndani?'"

Kumiyala kuja sakanamva, ndipo akanamva sakanadziwa tanthauzo lake. Koma mwina mphepo inangotembenuka, chifukwa nthawi yomweyo shiti ija inatambasuka yonse, n'kufufuma, zinyama zobiriwira zikuuluka m'mwamba mwa nsonga.

"Eyaa," amayi anatero. "Tsopano ndiye."

Anamasula mpango wawo wa kumutu, tsitsi loyera n'kumwazika. Anaukweza kuti ayankhe, monga mwa mwambo, koma mkono unakana, unangofika paphewa basi. Effie anaponya ndodo pansi, n'kulowa kunsi kwa chigongono cha agogo ake, n'kuchikankhira m'mwamba ndi manja ake onse awiri.

"Agogo, mawu aja ndi ati? A zitsiru aja?"

Amayi anamuuza. Effie anawakuwa, m'kalankhulidwe kake ka pawailesi kaja, mokhotakhota moti Anti Peigi akanagwa n'kuseka. Amayi anamukonza, iye anakuwanso. Nkhungu inayamba kubwerera, ikumeza denga, ikumeza udzu, ikumeza jasi lachikasu. Chotsiriza kusowa chinali kadontho kobiriwira, kakugwedezekabe.

Awiriwo sanatsitse mkono. Anapitiriza kukupiza mpangowo kumene kunalibenso chooneka, nkhalamba ndi kamngerezi kake, akutukwana nkhungu m'Chigeliki.