Magiya a Amake Annet

A Obadiah Njobvu, makaniko wa pamgodi ku Kitwe, anagula kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene mzungu wina anakasiya ufulu utabwera. Injini yake inali yakufa. A Amos, mnzawo wa pashifiti, ankakatcha khola la nkhuku.

"Lamlungu ndikapemphera ku Ndola pa khola lomweli," anatero a Njobvu, atatukumula chifuwa.

Anazula injini ndi giyabokisi pa vani yakale yonyamula buledi, n'kuzipanikiza m'kagalimotoko. Zinalowa ndithu, koma ndodo ya magiya inakatulukira kutali, kumbali ya wokwera, kumene mkono wawo sunkafika.

Lamlungu m'mawa analiza injini, anaponda kilatchi, n'kutsokomola pang'ono.

"Amake Annet, giya wani."

"Pemphani bwino, atate ake Annet," anatero akazi awo, Baibulo lili pamiyendo.

"Chonde, giya wani."

Kagalimoto kanalumpha ngati kalumidwa ndi mavu. Pofika giya folo anali atapitirira malole atatu onyamula miyala ya kopa, kenako basi ya ku Ndola, mmene munali a Amos, amene anasuzumira pawindo kukamwa kuli yasa. A Njobvu anawabayibitsa mwaulemu ndi dzanja lamanzere, pakuti linalibe ntchito ina.