Wongogwirizira

Pa mabenchi onse amene ndakhalapo m'kuyendayenda kwangaku, louma kwambiri ndi la ku ofesi ya ziphaso zolowera m'dziko la eni. Mpamene ndinakumana ndi bambo wina wa jekete yoperepeseka m'zigongono, atakumbatira envulopu ngati khanda.

"Ulendo wa kuti, achimwene?" ndinamufunsa.

"Wa kumsonkhano wa akatswiri a ndale za maiko, madala. Ndatha zaka khumi ndi ziwiri ndikufufuza momwe maiko amatsegulirana malire."

"Ndiye makiyi ake muli nawo ndinu!"

Anaseka mosafuna. Anandiuza kuti ku yunivesite amaphunzitsa mongogwirizira, kalata ya ntchito amam'patsa ya chaka chimodzi chimodzi. Akuluakulu anamuuza kuti adzamulemba ntchito yokhazikika akayamba wakalankhula kumsonkhano wakunja.

Nambala yake itaitanidwa, ndinatchera khutu. Mayi wa kuseri kwa galasi analoza mawu amodzi m'kalata muja.

"Apa alemba kuti 'wongogwirizira'. Tidziwa bwanji kuti mudzabwerako, poti ntchito yokhazikika mulibe?"

"Mayi, ntchitoyo adzandipatsa ndikapita kumsonkhanoko."

"Akadzakupatsani mudzabwerenso. Wotsatira!"

Bambo uja anabwerera pabenchi paja n'kukhala pansi, envulopu ili pamaondo. Anati aka n'kachitatu kum'bweza pa mawu omwewo. Kenaka anayang'ana wotchi, n'kudzambatuka.

"Nanga mukuthamangira kuti?" ndinafunsa.

"Kukalasi, madala, ophunzira akundidikira. Lero ndikawaphunzitsa za ufulu wa munthu wopita kulikonse kumene akufuna."